Momwe mungaphunzirire kuimba soprano ya opera ndi kuyamba ntchito

Opera ndi sewero limene mawu ake amachita kuimbidwa. Choyamba pezani mphunzitsi amene amayamba wamvetsera mawu anu asanalonjeze kanthu. Za kuwerenga manotsi ndi kudziwako piyano sindichulukitsa gaga m'diwa, chifukwa wotsimikiza mtima amazichita osauzidwa. Chenjerani ndi aphunzitsi a pa intaneti amene amalonjeza kuti mufika pa noti yapamwamba kwambiri ya C6 m'milungu yochepa mukalipiriratu maphunziro onse, pakuti mphunzitsi wodalirika amalola kulipira phunziro limodzilimodzi.

Zaka zoyamba zimathera pa kapumidwe ndiponso pa malo amene mawu amasinthira, omwe oimba amawatcha passaggio. Kwa soprano malowa ali cha pa manoti a E5 mpaka F#5, ndipo sawoloka mwa kukankha.

Pamene muyenera kusamala kwambiri ndi posankha nyimbo. Mphunzitsi wina amene ndinali naye anandipatsa ma aria (nyimbo zoimba munthu mmodzi mu opera) olemera a olemba opera Puccini ndi Verdi ndili wamng'ono, ponena kuti mawu anga ndi aakulu, ndipo anthu ankandiyamikira moti palibe amene anaona vuto. Chizindikiro choyamba sichinali ululu ayi. Ndinayamba kulephera kuimba motsitsa, chapansipansi, pa manoti apamwamba, kenako mawu ankasasa m'mawa uliwonse, mpaka dokotala wa pakhosi atandiunika anapeza kuti timinofu totulutsa mawu tatupa, ndipo anandiletsa kuimba kwa nthawi yaitali. Nyimbo zotero zinalembedwa kuti mawu apyole okesitira yaikulu popanda maikolofoni, pamene mawu a mtsikana wa zaka 19 amakhala asanakhwime, ndipo mawu olemera ena amakhazikika munthu akuyandikira zaka 30. Choncho yambani ndi nyimbo zakale za Chitaliyana, nyimbo za Schubert, ndi mbali zopepuka za m'ma opera a Mozart monga Zerlina, Despina ndi Susanna. Mukaona kuti noti imene mumaiimba mokweza simungathe kuiimba motsitsa, nyimboyo ikani pambali, ngakhale mphunzitsi akakamize.

Phunzirani katchulidwe ka Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa kwa munthu wodziwa, chifukwa kutsanzira zojambulidwa kumakupatsani ndi zolakwa za woimbayo zomwe.

Mukamaliza sukulu ya nyimbo, konzani ma aria asanu a zinenero zosiyana ndipo yesani mipikisano. Operalia, umene anauyambitsa woimba opera Plácido Domingo mu 1993, ndi umene Pretty Yende wa ku South Africa anapambana mu 2011. BBC Cardiff Singer of the World unayamba mu 1983 ndipo wakhala ukuchitika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Ndalama zolembetsera, zoyendera ndi za woimba piyano zimachuluka msanga, motero sankhani mipikisano yochepa.

Kenako funsirani malo m'mapulogalamu a oimba achinyamata, monga a Royal Opera House ku London kapena Metropolitan Opera ku New York. Ejenti (munthu wokupezerani ntchito) weniweni amatenga gawo la malipiro anu mukapeza ntchito, ndipo wofuna ndalama ntchito isanapezeke musamusainire kalata iliyonse.