Wophunzira uphunzitsi ayambe wamva mwana aliyense akuwerenga

Malangizo awa ndi anu, aphunzitsi amene mumalandira achinyamata obwera kudzayeserera ntchito kuchokera ku Chipata College of Education ndi makoleji ena, ndiponso inu a SIC ndi a ZIC amene mumatsogolera maphunziro a aphunzitsi m'masukulu ndi m'mazoni. Pa ntchito yanga ya ulangizi ndimalowa m'makalasi a ana aang'ono, ndipo chimene chimandiwawa mumtima n'chimodzimodzi kulikonse. Mphunzitsi walemba ba be bi bo bu pa bolodi, akuloza ndi kandodo, kalasi lonse likuyankha ngati kwaya. Iye wakondwa kuti ana adziwa. Koma itanani mwana wakumbuyo, mumulozere bo payekha, muona wazolika. Amawerenga ndi ochepa akutsogolo, enawo amangovomera nyimbo.

Wophunzira ntchito akafika, sabata yoyamba musamupatse choko. Mupatseni pepala lokhala ndi malembo, mawu, kandime kakafupi ndi kankhani, akakhale pansi pa mtengo n'kumaitana ana mmodzimmodzi. Ayambire pa kandime. Mwana akawerenga bwino apite naye ku nkhani, akavutika atsike naye ku mawu, ndipo akavutikanso, ku malembo. Alembe pamene mwana aliyense walekezera. Si mayeso, choncho cholembera chofiira chikhale m'thumba ndipo mwana asakalipiridwe. Akamaliza agawe anawo m'magulu potsata zimene akutha, osati msinkhu kapena benchi imene amakhalapo.

Njirayi si yachilendo kuno ku chigawo chakum'mawa kwa Zambia. Ndi imene pulogalamu ya Catch Up imagwiritsa ntchito kwa ana a Giredi 3 mpaka 5, ndipo chigawo chathu ndi chakummwera zinali m'gulu la zigawo zimene zinaiyesa poyamba mu 2016, itachokera ku bungwe la Pratham la ku India. Chimene ndikupempha n'chakuti mphunzitsi aidziwe asanalembedwe ntchito, asadikire kudzaimva ku msonkhano patapita zaka. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza kwambiri, ndipo m'chigulu chotere mwana wosawerenga amabisala mosavuta chaka chathunthu.

Tsono pa kaphunzitsidwe ka malembo, mvetserani bwino pakamwa pa wophunzirayo. Ambiri amatchula dzina la lembo monga analiphunzirira m'Chingerezi. Mwana amene wauzidwa kuti m ndi "emu" sangalumikize lembolo ndi a n'kupeza ma. Auzidwe liwu lake, mmm, milomo itatsekeka. Chinyanja chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa monga chimamvekera, ndipo mavawelo ake ndi asanu basi, kotero mwana akagwira maliwu amathamanga yekha. Popunthwa penipeni ndi pa malembo ophatikiza. Kola si khola, pala si phala, ndipo ng' wa mu ng'ombe si ng wa mu ngoma. Wophunzira ntchito ayeseze mawu otere pamaso panu asanaime pamaso pa ana. Kumbukiraninso kuti ku Lundazi ana ambiri amachoka kunyumba ndi Chitumbuka, ku Petauke ndi ku Nyimba ndi Chinsenga. Mwana wotere akakhala chete, nthawi zina lembo walidziwa koma mawuwo ndi achilendo kwa iye. Mphunzitsi ayambe wafunsa kuti chinthucho kwanu mumachitcha chiyani.

Masamu nawo ali ndi kwaya yake. Mwana amatha kuimba manambala mpaka 100, koma mukati patseni miyala 7, amangotapa. Zipangizo zake sizifuna ndalama: zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga, timiyala ta nsolo, ndiponso timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Timitengoti ndimatikonda kwambiri. Pa 32 kuchotsa 17, mwana aike mitolo itatu ndi timitengo tiwiri. Aona yekha kuti pa tiwiri sangachotsepo 7, ndiye amasule mtolo umodzi, timitengo tikhale 12. Kubwereka kuja kumene timangokulankhula pa bolodi akuchita ndi manja ake. Ndakumanapo ndi ophunzira uphunzitsi amene amapeza yankho mwamsanga koma osatha kufotokoza kumene 1 wobwerekayo wachokera. Amenewa ayambe amasula okha mitolo.

Wophunzirayo akayamba kuphunzitsa, inu khalani kumbuyo, maso anu akhale pa ana. Pulani ya phunziro mudzaiona pambuyo pake. Onani kuti ndi ana angati amene awerenga paokha, ndi angati amene agwira timitengo. Potuluka musamuunjikire zolakwa khumi. Sankhani chimodzi, mumuonetse mmene inu mumachitira, mawa akayesenso. Ngakhale pa TGM, msonkhano wa gulu la aphunzitsi pasukulu, m'malo mowerengerana mapepala, wina aphunzitse phunziro lenileni anzake akuonerera, kenako mukambirane.

Sabata yomaliza asanabwerere ku koleji, atengenso pepala lija, abwerere pansi pa mtengo ndi ana omwe aja. Ayerekeze ndi zimene analemba poyamba, aone amene achoka pa malembo kufika pa mawu ndi amene sanasunthe. Mayina a osasunthawo akusiyireni inu, chifukwa iye akapita anawo atsala m'manja mwanu.