Momwe mungasankhire maloboti oti aziwerenga webusayiti yanu

Si anthu okha amene amafika pa webusayiti yanu. Usana ndi usiku kumadutsa maloboti, omwe ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti n'kumakopera zolembedwa. Googlebot ndi Bingbot amatero kuti anthu akamafufuza azikupezani. GPTBot ya OpenAI ndi CCBot ya Common Crawl amatolera zolemba zomwe zimakaphunzitsa AI, mapulogalamu otsanzira nzeru za munthu. Inuyo eni ake mukhoza kunena woti alowe ndi woti abwerere, pogwiritsa ntchito kafayilo kotchedwa robots.txt, njira yomwe Martijn Koster anayambitsa mu 1994.

Choyamba tsegulani Notepad, osati Word, ndipo fayiloyo muipatse dzina loti robots.txt, m'zilembo zing'onozing'ono zokhazokha.

Kenako lembani malamulo. Mzere wa User-agent umatchula loboti, wa Disallow umanena komwe isapondeko. Kuti GPTBot isakhudze tsamba lililonse, lembani chonchi:

User-agent: GPTBot
Disallow: /

Kuti maloboti onse asalowe m'foda imodzi yokha:

User-agent: *
Disallow: /zamkati/

Apa ndi pofunika kudekha. Kanyenyeziko kakutanthauza maloboti onse, pomwe kamzere kopendekeka kakakhala kokha kakutanthauza webusayiti yonse. Mukaziphatikiza ziwirizi ndiye kuti mwapirikitsa aliyense, ndi Google yomwe, owerenga anu n'kuyamba kukusowani. Dziwaninso kuti loboti imene mwaitchula dzina imangotsatira malamulo ake okha, a pansi pa kanyenyezi siiwawerenga.

Mukamaliza, ikani fayiloyo pamwamba penipeni pa seva kuti izitseguka mukalemba example.com/robots.txt (apa example.com ikuimira adiresi ya webusayiti yanu). Mukaibisa m'foda ina palibe loboti idzaione. Ngati muli ndi adiresi ina ngati blog.example.com, nayonso ikufunika fayilo yakeyake. Lowani mu Google Search Console, chida cha Google chothandiza eni mawebusayiti, muone ngati yawerengedwa bwino, koma musapupulume, chifukwa Google imatha kusunga fayilo yakale kwa maola pafupifupi 24.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti ambiri amayesa kafayiloka ndi loko. Ayi ndithu, ndi chikwangwani chabe cha pakhomo. Maloboti aulemu amamvera, achipongwe amangolowa. Komanso aliyense angathe kuitsegula n'kuwerenga, choncho mukalembamo dzina la foda yachinsinsi mwamulozera nokha wakuba. Zachinsinsi zitsekereni ndi pasiwedi.

Ngati cholinga chanu n'choti tsamba lisamaoneke pa Google, ikani m'tsambamo lamulo la noindex, louza maloboti kuti asaonetse tsambalo anthu akamafufuza, ndipo musalitseke ndi Disallow. Googlebot ikaletsedwa kulowa siingaone noindex, ndiye adiresi ya tsambalo ikhoza kumaonekabe ngati mawebusayiti ena akulozako.