Galimoto yanga inkanjenjemera ponyamuka

Honda Fit yanga ya 2006 inayamba kunjenjemera ikamanyamuka, makamaka pachitunda. Mtima unali m'mwamba, ndimati giyabokosi yatha. Nditafunsitsa ndinapeza kuti amakanika anathiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba. Komatu giyabokosi ya galimotoyi ndi ya mtundu wa CVT, yomwe ilibe magiya oloweka limodzilimodzi. Muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndiye imafuna oyilo wakewake.

Ndinagula HMMF, oyilo wa Honda wopangidwira CVT. Tinakhutula wakaleyo, wakuda bii ngati khofi, n'kuthira watsopano. Patatha sabata tinasinthanso, poti kukhutula kamodzi sikutulutsa yense. Kunjenjemera kuja kunatheratu.

Zoti injini imangolira mosalekeza osamva giya ikusintha, zomwe zinkandiopsa poyamba, ndi mmene CVT imayendera basi.