Momwe mungakonzekerere kukwera phiri la Mulanje m'nyengo yozizira

Miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi imene anthu ambiri amakonda kukwera phiri la Mulanje, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mvula yadzinja imakhala italeka, mitsinje yaphwera moti munthu amawoloka mosavutikira, ndipo dzuwa silipweteka pokwera chitunda. Koma nyengo yomweyi ndi ya chiperoni, mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imabweretsa nkhungu ndi mvula yamawawa kwa masiku angapo otsatizana. Pamwamba pa phirili, chimene chimaika moyo pachiswe si kuzizira kokha ayi, koma kunyowa, mphepo ndi kusokera njira zikakumana pa munthu mmodzi. Makonzedwe onse a ulendo ayenera kulunjika popewa zitatuzi.

Yambani ndi kusankha njira yolingana ndi mphamvu zanu. Ambiri amanyamukira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya nthambi ya zankhalango, n'kukwera kupita kunyumba zogona alendo za ku Chambe kapena ku Lichenya, pamene ena amalowera ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe, n'kukagona kunyumba ya alendo ya Sombani. Njira ya Skyline yopita ku Chambe ndi yachitunda kwambiri, pamene ya Chapaluka, yodutsira ku Dziwe la Nkhalamba, ndi yotalikirapo koma yofewerako. Nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi yaitali kuposa zonse pa phirili ndipo ndi yotalika mamita 3,002, imafunika ulendo wa masiku atatu kapena anayi, ndipo okwerako amagona kaye kunyumba ya alendo ya Chisepo. Ngati simunakwerepo phiri lalikulu, yeserani miyendo yanu ku Michiru kapena ku Zomba mutasenza chikwama, ndipo ulendo woyamba wa ku Mulanje uthere ku Chambe. Kuthamangira Sapitwa pa ulendo woyamba m'mwezi wa Julayi n'kudziputira mavuto.

Kukatsala masiku awiri kapena atatu, mverani zimene nthambi yoona zanyengo ikulengeza pawailesi ndi pamasamba ake a mchezo. Akanena kuti kukubwera chiperoni kapena mphepo ya mwera, sunthani tsiku. Mukafika ku Likhubula lembetsani maina anu, njira yanu ndi tsiku lotsika, kenaka tengani wotsogolera alendo wodziwika ku ofesiko, osati aliyense amene wakupezani pamsewu. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a phirili, choncho amene amayendamo sabata ndi sabata ndiye akudziwa momwe njira zilili lero. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo ngati mwatenga wonyamula katundu, onetsetsani kuti nayenso ali ndi chofunda ndi chakudya, chifukwa chisanu sichisankha mlendo kapena mwini dera.

Nkhani ya zovala ndi imene ambiri amaiphonya. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo kuchokera m'munsi kufika pa Sapitwa pali mamita opitirira 2,000, kutanthauza kuti munthu amene wanyamuka atangovala malaya amakapeza kuzizira kumene sanakuganizire. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimatha kugwa usiku pamwambapo mpaka udzu kuchita mbuu m'mawa. Musadalire jekete imodzi yaikulu. Valani zovala zitatu zosanjikiza: mkati malaya opepuka a nsalu youma msanga ngati jezi ya mpira, pakati juzi yaubweya, pamwamba jekete yosalowa madzi ndi mphepo. Mukamakwera n'kuyamba kutuluka thukuta vulani juziyo, ndipo mukangoima kuti mupume ivaleni nthawi yomweyo thupi lisanazizire. Jinzi ndi malaya athonje zisiyeni kunyumba, pakuti zikanyowa zimalemera, zimamatirira pathupi ndipo siziuma mpaka mawa lake. Zovala zitatu zija zimapezeka pa kaunjika ku Limbe pamtengo wabwino, bola musankhe modekha n'kuyesa zipi ndi misoko ya jeketeyo.

Onjezerani chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi masokosi okhuthala osachepera mapeya atatu. Nsapato zikhale za mapazi ogwira bwino pathanthwe, ndipo zikhale zoti mwayendapo nazo kale, chifukwa yatsopano imatulutsa matuza pa tsiku loyamba lomwelo. Zovala zogonera ndi chofunda zikulungeni m'majumbo awiri musanaziike m'chikwama, ndipo musazivale panjira ngakhale kuzizire motani. Ndizo zidzakupulumutseni mukafika pogona mutanyowa.

Nyumba zogona alendo za m'phirimo zili ndi alonda amene amasonkha moto ndi kutunga madzi, koma chakudya mumabwera nacho nokha. Tengani ufa kapena mpunga, ndiwo zosachedwa kupsa, tiyi ndi shuga, komanso zodyera panjira monga mtedza wokazinga, mbatata yophika, nthochi ndi buledi wopaka chiponde. Kukazizira ludzu silimveka, komabe imwani madzi pafupipafupi, ndipo a mumtsinje muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake ndi mabatire apadera, machesi okulunga m'pulasitiki, wezulo, bandeji ndi mankhwala ochepetsa ululu. Foni isungeni m'thumba lamkati pafupi ndi thupi popeza batire limatha msanga pozizira, ndipo dziwani kuti netiweki imapezeka m'malo owerengeka okha.

Tsiku lokwera, lawirirani. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 5:30 madzulo, ndipo m'zigwa za phirili mdima umagwa msanga kuposa pamenepo. Musananyamuke ku Chisepo kupita ku Sapitwa, gwirizanani ndi wotsogolera wanu ola lobwerera, mwachitsanzo 12 koloko masana, ndipo ola limenelo likakwana tembenukani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Chigamulo chimenechi chimayenera kupangidwa m'mawa mitu ili bwino, chifukwa munthu wotopa amene akuiona nsonga ndi maso samva malangizo. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womutsogolera n'kupitirira yekha ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha pafupifupi masabata atatu. Akuluakulu a m'dera la Mulanje akhala akuletsa kuyenda wekha m'phirimo potchula mizimu. Kaya munthu amakhulupirira zimenezo kaya ayi, lamulolo ndi loona.

Nkhungu ikakutsekerani panjira, imani pamodzi ndipo muwerengane. Njira ya ku Sapitwa imadutsa m'matanthwe momwe mulibe mapazi a anthu oti n'kuwalondola, koma zizindikiro zopakidwa penti pamiyala, choncho musachoke pa chizindikiro chimodzi musanaone chotsatira. Mukachisowa, bwererani pomwe munaona chomaliza. Musayese kutsika potsata mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi, pakuti mitsinje ya ku Mulanje imathera m'mathithi ndi m'maphompho. Thanthwe lonyowa la ndere limaterera ngati sopo, ndiye pamalo otsetsereka khalani pansi n'kutsika mogwiriza ndi manja. Ngati mdima wakupezani, funani phanga kapena mwala wotchinga mphepo, khalani pa zikwama osati pansi pozizira, yandikanani, ndipo dikirani kuche.

Muziyang'anana nthawi zonse. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosalekeza, kupunthwapunthwa, kulankhula mokoka lilime kapena kufuna kungogona panjira, ndiye kuti thupi lake lazizira mopitirira muyezo, ndipo kunjenjemerako kukasiya iye asanafundidwe, zinthu zafika poipa. Mutchingireni mphepo, muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumufunditse kuyambira kumutu mpaka pachifuwa, ndipo ngati akutha kumeza mupatseni tiyi wotentha wa shuga wambiri. Musamupatse mowa, ngakhale ena amati umatenthetsa, chifukwa umachititsa kuti thupi litaye kutentha msanga, ndipo musamutikite manja ndi miyendo. Ulendo wa onse uthere pomwepo, ndipo wotsogolera atumize uthenga kumunsi.

Potsika yendani mofatsa kuposa pokwera, chifukwa mawondo amakhala atatopa ndipo ngozi zambiri zoterereka zimachitika pamenepa. Zimitsani moto uliwonse ndi madzi, makamaka kuyambira mu Ogasiti udzu ukauma, popeza moto wolusa ndi umodzi mwa adani a mkungudza wa Mulanje umene watsala pang'ono kutheratu. Zinyalala zanu tsikani nazo, ndipo mukafika ku Likhubula kadziwitseni a ku ofesi kuti nonse mwabwerako.