Kuphunzitsa ana a Giredi 1 ndi 2 kuzindikira kwacha ndi ngwee

Ikani 50 ngwee ndi K5 patebulo, mufunse mwana kuti yochuluka ndi iti. Ambiri aloza 50 ngwee, chifukwa anaphunzira kuti 50 imaposa 5. Vuto lalikulu pa phunziro la ndalama lagona pamenepa. Choncho lamulo loyamba likhale ili: nambala isawerengedwe yokha, mwana ayambe wafunsa kuti ndi kwacha kapena ndi ngwee. Ngwee 100 ndizo zimapanga kwacha imodzi.

Ndalama zimene Bank of Zambia inatulutsa mu 2025 zili ndi makobili asanu ndi limodzi: 5n, 10n, 50n (n ikuimira ngwee), K1, K2 ndi K5. Zapepala ndi K10, K20, K50, K100, K200 ndi K500. Musazibweretse zonse tsiku limodzi. Mlungu woyamba tengani 50n, K1 ndi K2 basi, zenizeni, ana azigwire ndi manja. Agaweni m'magulu a anayi kapena asanu, phunziro lisapitirire mphindi 20. Mwana aike kobili pansi pa pepala ndi kupaka pensulo pamwamba mpaka nambala itulukire, kenaka atchule dzina lonse mokweza. Werengani makobili musanagawe ndiponso potolera. Yang'anirani kuti asawaike m'kamwa, ndipo asambe m'manja mukatha.

Mlungu wachiwiri ndi wa kusinthana, ndipo pano musathamange. Mwana wamng'ono amawerenga kuchuluka kwa makobili, osati mtengo wake: amaona ngati ma 50n atatu aposa K2 imodzi. Kumuuza pakamwa sikuthandiza. Apereke ma 50n awiri alandire K1, apereke ma K1 awiri alandire K2, kenaka abwezenso. Chitani zimenezi tsiku lililonse mpaka mwanayo aleke kudandaula kuti mwamubera pamene walandira kobili limodzi m'malo mwa awiri. Akafika apo, onjezani K5 ndi K10.

Kenaka tsegulani kantemba m'kalasi. Mabokosi opanda kanthu a machesi ndi sopo akwanira, mitengo ilembedwe pamenepo, yosapitirira K10. Ndalama zoseweretsa dulani pa katoni ndi kulemba pamanja. Musachite fotokope ndalama zenizeni. Chenji aphunzire monga amachitira amayi ogulitsa pa msika wa Kapata ku Chipata: kuyambira pa mtengo kukwera m'mwamba. Chinthu cha K7, wapereka K10: wogulitsa aika K1 nanena 8, inanso 9, inanso 10. Kuchotsera kwa m'kope kubwere pambuyo.

Kuno kum'mawa kwa Zambia tili ndi china. Ana a ku Mwami, Vubwi ndi Chadiza amaonanso kwacha ya ku Malawi, imene imagawidwa m'matambala ndipo mphamvu yake ndi yosiyana ndi yathu. Aonetseni kuti pa ndalama zathu zapepala pali nkhwazi ndi mawu akuti Bank of Zambia, pamene pa za ku Malawi pali nkhope za anthu.

Makolo, samalani ndi katchulidwe kunyumba. Kuyambira mu 2013, pamene anachotsa maziro atatu, K5,000 yakale inasanduka K5, koma agogo ena akutchulabe mwakale. Mwana akamva dzina lina kunyumba, lina kusukulu, amasokonezeka. Pomutuma mchere, mufunseni asananyamuke kuti wanyamula zingati ndipo abwera ndi chenji yanji.