Mphaka wa FIV asamayende yekha panja

Ngati dokotala wa ziweto wapeza kuti mphaka wanu ali ndi FIV, kachilombo kofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka, musamamusiye azingoyendayenda, makamaka usiku. Kachilomboka kamafala amphaka akalumana pa ndewu, ndiye wanuyo akhoza kupatsira amphaka a aneba. Iyenso chitetezo chake cha m'thupi chimafooka, kabala kakang'ono pakhutu kamatha kuchita mafinya. Musaope, kachilomboka sikagwira anthu.

Komabe ndimamva chisoni mphaka akamanidwa kuothera dzuwa. Mutchingireni khonde ndi waya wa khola la nkhuku, mpaka kudenga chifukwa amakwera, muikemo madzi ndi mchenga wodzithandizirapo. Akakhala pafupi chonchi mudzaona msanga akasiya kudya kapena akayamba kuchucha dovu, zomwe kawirikawiri zimasonyeza zilonda za m'kamwa. Ngati ndi wamphongo, pitani naye akamufule, ndewu zimachepa.