Musayatse Magetsi a LED Mwamphamvu Yonse pa Makorali

M'miyezi yapitayi ndaona mathanki angapo a madzi amchere omwe makorali ake ayera mbee, ndipo pafupifupi m'nyumba iliyonse nkhani yake ndi imodzi: mwini thanki anachotsa nyali za machubu zotchedwa T5 kapena nyali zakale za metal halide, n'kuika magetsi a LED, kenaka n'kuwakweza mpaka kumapeto tsiku lomwelo. Ambiri akamandiitana amakhala atayeza kale mchere, kashiamu ndi kutentha kwa madzi, ena atasinthanso madzi kangapo, koma nyali imene yapachikidwa pamwamba pa thankiyo saikayikira n'komwe.

Korali ndi nyama, koma m'minofu yake mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, tomwe timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo gawo lalikulu la chakudya cha korali limachokera kwa tindere timeneti. Kuwala kukachuluka modzidzimutsa kuposa mlingo umene tindereti tazolowera, timayamba kutulutsa zinthu zowononga minofu, ndipo korali amatilavula pofuna kudzipulumutsa. Choyera chimene mumaonacho ndi chigoba cha laimu chomwe chikuonekera kudutsa mnofu wopanda mtundu. Pa nthawiyi korali amakhala asanafe, koma amakhala pa njala, ndipo zinthu zikapanda kusintha mnofu umayamba kusupuka, ndere zobiriwira n'kumera pachigoba. Mnofu wowolawo umadetsanso madzi, motero vuto limafika ngakhale kwa makorali amene kuwala sikunawapweteke. Nthambi ya Acropora (korali wa nthambi zolimba) imene munailera zaka zingapo kuchokera ku kachidutswa kakang'ono ikhoza kutha m'masabata ochepa, ndipo ngakhale itapulumuka, pamatenga miyezi kuti mtundu wake ubwerere.

Chimene chimanamiza anthu ndi maso awo. Diso la munthu limaona bwino kwambiri kuwala kobiriwira kopita kuchikasu, pomwe kuwala kwabuluu limakuona ngati kofooka. Koma kwabuluuko ndi kumene kumalowa pansi kwambiri m'nyanja, chifukwa kofiira kumamezedwa ndi madzi m'mamita ochepa oyambirira, ndipo tindere ta m'makorali timakugwiritsa ntchito bwino zedi. Choncho munthu amayang'ana thanki yake, amaona ngati muli kamdima, n'kumakweza nyali mpaka itamukomera iyeyo, chonsecho makorali anali atakhuta kale kuwala. Kuonjezera apo, nyali zambiri za LED zili ndi timagalasi tomwe timasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, moti mwala umene uli pansi penipeni pa nyali umalandira kuwala koopsa pomwe m'makona muli kochepa.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri n'chakuti mpaka lero anthu posankha mphamvu ya nyali akuwerengabe mawati pa galoni la madzi, lamulo lomwe linali longoyerekeza ngakhale m'nthawi ya mababu akale, ndipo pa LED lilibe ntchito. Ena anayambira kuweta mbuna za m'nyanja ya Malawi m'mathanki a madzi opanda mchere, momwe nyali ntchito yake yaikulu ndi yoti nsomba zioneke bwino, ndipo abwera ndi maganizo omwewo ku makorali. Mbuna imatha kubisala pansi pa mwala kuwala kukaiwawa m'maso. Korali amene mwamumata pamwala alibe kothawira.

Bambo wina wa ku Durban anakhala ndi machubu a T5 kwa zaka ziwiri osawasintha, pomwe machubu amenewa amayenera kusinthidwa chaka chisanathe chifukwa mphamvu yake imanka itsika. Makorali ake anali atazolowera kuwala kofooka, ndipo anali atada pang'ono chifukwa tindere tinali titachulukana. Atagula LED anaiyatsa yonse kwa maola 12 tsiku lililonse. Nditafika, Montipora (mtundu wina wa korali wolimba) imene inali pamwamba pa miyala inali itayera kumtunda kokhakokha, kunsi kwake kumene kunali mthunzi kudakali kwabulauni, ndipo makorali ofewa a m'phanga anali otambasuka bwinobwino. Anandiuza kuti, "Alangizi, ine ndimati ndikuwachitira zabwino, paja amati makorali amakonda dzuwa." Amalikondadi, koma malire a mtundu pa Montipora ija anatsata malire a mthunzi ndendende, ndipo sitinafunenso umboni wina.

Za chochita, si zambiri. Bwerekani chipangizo choyezera PAR (mlingo wa kuwala kumene tindere timagwiritsa ntchito popanga chakudya) kumalo ogulitsa makorali kapena kwa anzanu oweta, ndipo muyeze pamalo penipeni pamene korali wakhala, mapampu akuyenda. Makorali ofewa ndi aja a minofu yokhuthala amakhala bwino pa PAR ya pakati pa 50 ndi 150, pomwe a nthambi zolimba monga Acropora amafuna pakati pa 200 ndi 400. Nyali yatsopano muiyambe pa maperesenti 30 kapena 40, muzionjezera maperesenti 5 pa sabata mukuona mmene makorali akuchitira, ndipo maola 8 mpaka 10 a kuwala kwamphamvu pa tsiku ndi okwanira. Korali amene mwangomugula kumene ayambire pansi pamchenga, muzimukweza pang'onopang'ono. Amene wayamba kale kuyera mumutsitse pamthunzi, muchepetse nyali, muzimudyetsa tizakudya tosalala ta makorali, ndipo madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26, makamaka m'nyengo yotentha pamene kutentha ndi kuwala zimawononga mothandizana.